Jambulani ndithu, koma yambani mwawafunsa oyimbawo

Achimwene, mwanena kuti Loweruka lapitali munali ku shoo ya anyamata oyimba indie rock pa loji ina ku Katoto, ndipo munajambula pafoni kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Mukufunsa ngati mungaponye zonsezo muno m'gulu ndi pa YouTube, komanso chifukwa chake mawu atuluka ophwanyika pomwe pamalopo zimamveka bwino. Ndiyankha zonse ziwiri, koma loyambalo ndi limene landikhudza kwambiri.

Mwachita bwino kujambula. Izi ndikunena ndi mtima wonse, chifukwa ena muno akuyankhani ngati mwaba. Mabandi amtundu umenewu kuno ku Mzuzu ndi owerengeka. Alibe kampani yowathandiza, wailesi siziwaimba, ndipo ndalama ya situdiyo amachita kusonkherana. Ambiri mwa iwo ndi ana asukulu a ku Mzuni kapena anyamata oyimba kutchalitchi amene amabwereka zida Loweruka n'kukabweza Lamulungu m'mamawa. Akamaliza sukulu, wa gitala ntchito imamutengera ku Lilongwe, wa ng'oma abwerera kwawo ku Karonga, wina ulendo wa ku Joni, bandi yatha. Nyimbo zimene anapeka usiku ku Luwinga, zimene tinavina mpaka thukuta kuno kozizira, zimangosowa osasiya nkomwe phazi. Nthawi zambiri chotsala ndi kavidiyo kamene munthu ngati inu anajambula. Funsani akuluakulu amene ankaonera bandi ya Body, Mind & Soul ya woyimba Street Rat ikungoyamba kumene mumzinda muno, akuuzani mmene amalakalakira pakanakhala wina wosunga mausiku amenewo. Ndipo tonse tikudziwa za Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi babatoni wake wa chingwe chimodzi. Dziko linamudziwa chifukwa cha vidiyo imene inafalikira pa intaneti, kenako anayamba kuitanidwa kukaimba kunja.

Komabe zimene zili m'foni mwanuzo si zanu nokha. Foni ndi yanu, batire munatchaja ndinu, mkono unatopa ndi wanu, koma nyimbo ndi mawu ndi za anyamata aja. Choncho musanaponye paliponse, afunseni.

Pali zifukwa zimene munthu wongoonerera saziganizira. Bandi yaing'ono imayesera nyimbo zatsopano pa siteji. Nyimbo imene munaimva Loweruka mwina ndime yachiwiri sinathe kupekedwa, woyimba amangong'ung'udza kuti aone ngati anthu akuilandira. Mwina akusunga ndalama kuti akaijambule bwino mwezi wamawa, aitulutse ndi vidiyo yake. Inu mukaiponya lero, anthu aimva koyamba ili yosapsa, ndipo ikadzatuluka yeniyeni adzati tinaimva kale. Mwinanso usiku umenewo woyimba anali ndi chimfine, kapena gitala inasokonekera mawaya pakati pa nyimbo. Inu munali pomwepo, munaona chimwemwe chonse, simunasamale. Koma mwini loji wina ku Nkhata Bay amene akuganiza zowaitana, iye adzangomva mawu osasa pa sipika ya foni n'kunena kuti ana awa sadziwa kuimba. Mwawatayitsa ntchito mukuganiza kuti mukuwakweza.

Lamulo nalonso lilipo. Copyright Act ya 2016 imateteza wopeka nyimbo komanso woyimba pa siteji, ndipo kujambula ndi kufalitsa zimene akuimba kumafuna chilolezo chawo. Bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira nkhani zimenezi m'dziko muno. Sindikunena kuti anyamata a ku Katoto akakusumirani, ayi, mwina adzangosangalala kuti wina anawajambula. Ndikungoti ufulu wovomera kapena kukana ndi wawo. Chinanso, ngati pa shooyo anaimbako nyimbo za mabandi akunja, makina a YouTube ndi Facebook amatha kuzizindikira, ndiye vidiyo yanu ikhoza kutsekedwa mawu kapena kuchotsedwa, kapenanso ndalama za malonda zipite kwa eni nyimbo akunjawo.

Mwambo wojambula ma shoo si wachilendo. Kunja unayamba kalekale, ndipo kumene unayenda bwino unayenda chifukwa oyimba ndi owatsatira anamvana. Bandi ya Grateful Dead ya ku America mu 1984 inapatula malo apadera kuseri kwa tebulo la mikisa (chipangizo chosakaniza mawu a oyimba ndi zida asanapite ku masipika) oti okonda kujambula aziimikapo maikolofoni awo. Lamulo linali limodzi lalikulu: gawanani, sinthanani matepi, koma musagulitse. Pa Internet Archive, tsamba losungira zinthu pa intaneti, pali gawo lotchedwa Live Music Archive, lomwe linayamba mu 2002, ndipo kumeneko salandira zojambula za bandi imene sinapereke chilolezo. Fugazi ya ku Washington, imene inkadziwika ndi kukana kukweza mtengo wolowera pakhomo, inkajambula yokha ma shoo ake, ndipo kuyambira 2011 inayamba kuika mazanamazana a iwo pa intaneti pa mtengo wochepa. Pearl Jam itaona kuti anthu akugulitsa zojambula zosamveka bwino pa mtengo wokwera, mu 2000 inayamba kutulutsa yokha ma shoo a ulendo wake wonse. Pali enanso oyimba amene safuna foni m'mwamba ngakhale pang'ono, mpaka kuzitsekera m'timatumba pakhomo. Onsewa ali ndi zifukwa zawo, ndipo wokonda nyimbo weniweni amatsatira zimene eni ake anena.

Mfundo ya kusagulitsa ija kuno kwathu ndi yovuta kuisunga, n'chifukwa chake ndikuti musamale. Chinthu chikalowa m'magulu a WhatsApp sichibwereranso. Mawa mudzachipeza kwa anyamata oika nyimbo m'mamemore kumsika, chili ndi dzina lolakwika, akulipiritsa, oyimba osaonapo ngakhale tambala.

Tsono za mawu ophwanyika. Ndikukhulupirira munaima kutsogolo, pafupi ndi sipika, chifukwa ndi pamene pamakoma. Kamaikolofoni ka foni anakapangira mawu a munthu polankhula. Phokoso la bezi ndi ng'oma likakachulukira, kamadzaza, nsonga za mawu zimadulidwa, ndipo chimene chadulidwa palibe pulogalamu ingachibwezere bwinobwino. Mafoni ambiri amadzitsitsiranso okha mphamvu phokoso likakwera n'kukweza likatsika, ndiye mumamva nyimbo ikupuma, kulowa ndi kutuluka, nthawi iliyonse wa ng'oma akamenya mbale.

Malo abwino ndi pakati, chakumbuyo, pafupi ndi bambo wa pa mikisa. Iye amakhala pamenepo dala, chifukwa ndi pamene mawu a mbali zonse amakumana, ndipo zimene akumva iyeyo ndi zimene akukonzera anthu onse. Pewani pakona ndi pafupi ndi khoma, bezi imaunjikana pamenepo. Ngati pali tebulo, pindani juzi yanu, ikani foni pamwamba pake maikolofoni ataloza ku siteji, kuti kugwedezeka kwa tebulo ndi mabotolo kusalowe. Onetsetsani kuti chala kapena chikwama cha foni sichikutseka kabowo ka maikolofoni. Ikani foni pa flight mode kuti wina asakuimbireni pakati pa nyimbo, ndipo inu ndi anzanu amene mwaima nawo mutseke pakamwa. Zojambula zambiri zabwino zimaonongeka ndi mnzako amene akukufunsa za kabaza wobwererera ku Chibavi, kapena iwe mwini ukuimba nawo mokweza kuposa woyimba.

Ngati chimene mukufuna ndi nyimbo, siyani vidiyo, jambulani mawu okha. Pezani pulogalamu yolola kusunga mu WAV (mtundu wa fayilo ya mawu yosafinyidwa) ndiponso kutsitsa nokha mphamvu ya maikolofoni. Yesani pamene bandi ikuyesa zida, muone kuti mzere woonetsa mphamvu ya mawu sukufika pofiira. Kuli bwino atuluke otsika, mudzakweza pambuyo pa kompyuta ndi Audacity, yomwe ndi yaulere. WAV imadya malo, pafupifupi 10 MB pa mphindi, ndiye shoo ya ola limodzi ikufuna 600 MB, konzani malo musanachoke kunyumba. Mukadzapeza kandalama, kachipangizo kam'manja ngati Zoom H1n kamasintha zinthu kwambiri.

Ena akuuzani kuti mungopempha chingwe kuchokera ku mikisa. Ndi nzeru, koma dziwani ichi. M'malo aang'ono ngati athu ano, ng'oma ndi ma ampu a gitala zimamveka zokha popanda kudutsa mu mikisa, ndiye bambo uja amakweza kwambiri mawu a woyimba basi. Mukatenga za mu mikisa zokha mudzamva woyimba ali patsogolo yekhayekha, gitala ili kutali, anthu osamveka n'komwe, ngati ndiwo zopanda nsima. Zimakoma mukaphatikiza ziwiri, za mu mikisa ndi za m'chipinda. Ndipo mum'pemphe nthawi ilipo, asanayambe, mwaulemu. Munthu uja amakhala atagwira zambiri, chingwe china chomata ndi tepi, diso lina ku jenereta kuopa kuti magetsi angazime. Musamugwire paphewa nyimbo ili mkati. Akakuthandizani, kabotolo ka zoziziritsa kukhosi sikangakusaukitseni.

Potumiza, WhatsApp imafinya vidiyo mpaka kuipha. Tumizani ngati document, kapena ikani pa Google Drive pamene amapereka 15 GB yaulere n'kugawa link yokha. Sinthani WAV ikhale FLAC, mtundu wina wa fayilo ya mawu, imachepa pafupifupi theka osataya kalikonse, bandulo yanu ipumeko. Lembani pa fayilo dzina la bandi, malo, tsiku ndi mndandanda wa nyimbo. Mayina a nyimbo funsani eni ake, musapeke. Pakadzatha zaka khumi, tizinthu timeneti ndi timene tidzapangitse kuti fayiloyo ikhale ndi phindu.

Chimodzi chimene chimandiwawa pa ma shoo athu ndi munthu wofika pakhomo n'kumati ndilowetseni ulere, ndikujambulani ndikutchukitseni. Ayi. Ndalama ya pakhomo ija ndi imene ilipire zida zobwereka, mafuta a jenereta ndi galimoto yonyamula ng'oma usiku. Lipirani ngati wina aliyense, kenako jambulani. Musaimike foni m'mwamba kwa ola lathunthu kutsogolo kwa anthu amene nawonso alipira, ndipo tochi ya kamera muzimitse, imawathobwa m'maso oyimba. Kamera iloze ku siteji. Mzuzu ndi waung'ono, tonse timadziwana, ndipo amene akuvina pambali panu ndi botolo m'manja mwina ndi mphunzitsi kapena namwino amene sanapemphe kuti abwana ake amuone pa Facebook Lolemba.

Ku zikondwerero zikuluzikulu nkhani imasiyanako. Lake of Stars, imene inayambira konkuno ku Chintheche mu 2004, yabweretsapo mabandi a mtundu umene mumaukondawu, monga Foals ya ku Oxford imene inaimba ku Mangochi mu 2011. Oyimba oterowo amabwera ndi mapangano awo, ndiye werengani zolembedwa pa tikiti ndi pachipata. Kavidiyo kakafupi nthawi zambiri palibe amene amakuvutitsa, koma shoo yonse ndi nkhani ina.

Makutunso muwasamale. Bungwe la WHO mu 2022 linalangiza kuti phokoso m'malo azisangalalo lisapitirire ma decibel 100, ndipo kutsogolo kwa sipika m'kachipinda kakang'ono n'kosavuta kufika pamenepo. Mukabwerera kunyumba makutu akulira, ndiye kuti avulala. Totsekera m'makutu ta siponji tochepetsa phokoso n'totchipa, ndipo nyimbo mumaimvabe.

Ndiye pa zimene muli nazo kalezo, chitani chonchi. Pezani mmodzi wa anyamatawo, sizovuta, mwini loji ali ndi nambala yawo. Muuzeni kuti munali pa shoo, munasangalala, ndipo munajambula. Atumizireni fayilo yonse iwo poyamba, ngakhale ili yophwanyika, chifukwa oyimba ambiri sanadzimvepo okha mmene amamvekera kwa anthu, ndipo adzaphunzirapo kanthu. Kenako afunseni kuti ndi nyimbo ziti zimene angalole kuti zituluke. Akati ziwiri zokha, ponyani ziwirizo, mulembe dzina lawo bwinobwino, muike link ya tsamba lawo ndi tsiku la shoo yotsatira. Akati dikirani titulutse kaye ya ku situdiyo, dikirani. Akakana zonse, sungani fayiloyo pamalo awiri, pa kompyuta ndi pa fulashi, musaifufute. Muwapemphenso kuti ulendo wina mudzawajambule mwadongosolo, mutaima pafupi ndi mikisa, iwo akudziwa. Ndikukhulupirira adzavomera, ndipo akatero mutiuze muno tsiku lake, enafe tidzabwere tidzalipire pakhomo.