Kumwezi, kusamba kapena msambo?

Funso: Ndimaphunzitsa atsikana za thupi lawo. Kodi ndizinena kuti mkazi "ali kumwezi" kapena "akusamba"? Mnzanga akuti "kumwezi" ndi mawu achikale.

Yankho: Aphunzitsi, zonse ziwiri ndi Chichewa chabwino, ndipo zonse ndi zophiphiritsa. Akale sankatchula nkhani zimenezi poyera. Zinali za anamkungwi kuchinamwali, moti mayi akangouza mwana kuti "bwera udzathire mchere m'ndiwomu", akuluakulu ankadziwa okha chimene chachitika. Ankaopa mdulo.

"Kumwezi" sanakalambe ayi, koma amasokeretsa pang'ono. Mwezi wakumwamba umatenga masiku 29 ndi theka kuti uonekenso watsopano, pomwe thupi la mkazi silitsata zimenezo ndendende. Kwa akazi ambiri pamadutsa masiku 21 mpaka 35, ndipo kwa amene angoyamba kumene nthawi imasinthasintha. Mtsikana amene wangomva za "mwezi" amada nkhawa deti ikangodutsa. "Kusamba" nakonso kuli ndi vuto lake: mukati "Nangozo akusamba", wina angaganize kuti ali kubafa. Nanji "agogo anasiya kusamba"! Ana amaseka, chonsecho tikunena kusintha kwa thupi kumene kumafika mkazi akakhala ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55.

M'kalasi muzinena "msambo". Ndi dzina lomveka, losatukwana, ndipo limakupatsani mpata wofotokoza chimene chimachitika: dzira likapanda kukumana ndi umuna, khungu la m'kati mwa chiberekero limayoyoka n'kutuluka ndi magazi. Akale tisawaseke kuti sankadziwa za dzirali. Ngakhale ku Ulaya, wasayansi Karl Ernst von Baer analiona koyamba mu 1827, ndipo linali la galu.

Funso: Tikati mtsikana "wakula" kapena "watha msinkhu", ndiye kuti wafika pokwatiwa?

Yankho: Ayi. Mawuwa amangonena kuti msambo wayamba, mwina ali ndi zaka 12 zokha. Kale zinthu ziwirizi zinkayendera limodzi, n'chifukwa chake ena amazisokonezabe. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko la Malawi salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Polemba, ine ndimakonda "watha msinkhu", chifukwa "wakula" amamusenzetsa mwana udindo umene sunamufike.