Twisted Metal: Black si ya mwana wa zaka 11

Mayi, mwafunsa ngati mungamugulire mwana wanu wa zaka 11 Twisted Metal: Black, gemu ya pa vidiyo ya magalimoto owomberana. Musamugulire, ayambe wakula kaye. Gemuyi inatuluka mu 2001 pa makina osewerera magemu a PlayStation 2, ndipo anaiika chizindikiro cha M, kutanthauza ya azaka 17 kupita m'tsogolo.

Kukoma imakoma ndithu. Ine ndi mng'ono wanga tinkathamangitsana pa sikirini imodzi, kuomberana mizinga mpaka zala kuwawa. Koma oyendetsa magalimotowo ndi anthu otulutsidwa m'chipatala cha odwala misala, ndipo nkhani zawo n'zakuphana zokhazokha. Mmodzi wa iwo, Sweet Tooth, wa galimoto ya ayisikilimu, mutu uli lawilawi moto, ineyo wamkulu ndinamulota. Ndi yovutanso, adani amangokuunjikira iwe wekha.

Ngati mwanayo anaionera kale kwa anzake ndipo wakhala akudzidzimuka usiku kwa masabata angapo, kaonaneni ndi dokotala wa ana.