Zitsononkho za chimanga ndi yisiti: kodi zingachepetse mtengo wopangira ethanol?

Bambo wina wa ku Namwera watilembera kalata pa imelo. Akuti amayesa kupanga ethanol wa mbaula kuchokera ku molasesi (madzi akuda onata otsala popanga shuga), koma kugula yisiti ulendo uliwonse kukumudyera ndalama. Wamva kuti zitsononkho zimasunga yisiti, ndipo akufunsa ngati zimachulukitsanso ethanol.

Bambo, zitsononkho sizisanduka ethanol. Yisiti wamba, Saccharomyces cerevisiae, sangagaye cellulose, ulusi wolimba wa m'chitsononkho. Chitsononkho ndi nyumba yake basi, chakudya chake ndi shuga wa m'molasesi, womwenso kampani ya EthCo ku Dwangwa yakhala ikupangira ethanol kuyambira 1982. Phindu lanu lili poti yisiti amamatirira m'timabowo ta chitsononkho, ndiye mukatsanula madzi a molasesi amene wamaliza kuwasandutsa ethanol iye amatsala, n'kuyamba ntchito msanga pa ulendo wotsatira.

Sankhani zitsononkho zouma, zopanda nkhungu. Ziduleni tizidutswa ta sentimita 1 kapena 2, ndipo gwiritsani kwambiri mtima woyera wa pakati chifukwa ndiwo uli ndi timabowo tochuluka. Ziwiritseni mphindi 30, tayani madzi ofiirawo, wiritsaninso. Musadumphe apa. Tizilombo tosasitsa timabisala m'mabowo omwewo, ndipo tikakhazikika timadya shuga wanu n'kumupanga asidi.

Pa chigubu cha malita 25, ikani zitsononkho kilogalamu imodzi m'kathumba ka ukonde kowiritsa, mumange mwala wotsuka bwino pansi, apo ayi ziyandama n'kuuma pamwamba. Thirani malita 10 a madzi owiritsa ozizira, shuga theka la kilogalamu ndi yisiti magalamu 100. Zikhale maola 24, mukugwedeza pang'onopang'ono nthawi ndi nthawi kuti yisiti apeze mpweya achulukane. Kugwedeza mwamphamvu kumamuchotsa pomwe wamatirira. Kenako tsanulani madziwo.

Tsopano sungunulani molasesi makilogalamu 6 m'madzi mpaka akwane malita 20, onjezani feteleza wa urea magalamu 10 mpaka 15. Molasesi amakhala ndi shuga pafupifupi theka, choncho muli ndi makilogalamu 3 a shuga. Gilamu imodzi ya shuga singapereke ethanol woposa magalamu 0.51, ndiye musayembekezere kuposa makilogalamu pafupifupi 1.5 a ethanol, omwe ndi malita 1.9, ndipo kawirikawiri mupeza ochepera apo. Thirani molasesiyo m'chigubu muli zitsononkho muja, tsekani chigubu, paipi yotulutsa mpweya ilowe m'botolo la madzi. Pakapita masiku 2 kapena 3 thovu likaleka, tsanulani madziwo kuti mukawatcheze, ndipo thirani molasesi watsopano nthawi yomweyo zitsononkho zisanaume.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha. Yisiti amachita bwino pa madigiri 30 mpaka 32, akapitirira 35 amafooka, ndipo kuwirako kumatenthetsanso chigubu. Ku Namwera kwanuko n'kozizirirako, koma anzanu a ku Mangochi boma ndi ku Monkey Bay mu Okutobala ndi Novembala aike chigubu pamthunzi, achikulunge ndi chiguduli chonyowa. Yisiti wa m'chitsononkho amapirirako kuposa woyandama, koma naye amafa.

Mukamva fungo lowawasa ngati vinigala, kapena kuwira kukayamba kuchedwa kuposa kale, tayani zitsononkhozo muyambe ndi zatsopano. Potcheza, samalani ndi moto chifukwa nthunzi ya ethanol imayaka msanga. Chotulukacho n'cha mbaula, si chakumwa, ndipo musanagulitse funsani kaye za chilolezo.