Ndani anakuuza kuti ana amagona 18 koloko?

Sabata ino makalata abwera maningi, a zibwenzi, a apongozi, a mwamuna wobisa foni pansi pa pilo, koma imene yandisowetsa tulo ndi iyi.

"Ambuya, ndine bambo wa zaka 34, ndikhala mu komboni ya Navutika ku Chipata, ndili ndi mkazi ndi ana awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 4. Ndigwira ntchito mu sitolo ya hadiweya mu tauni, chino ndi chaka cha 6. Vuto langa ndi abwana. Amanditukwana pamaso pa makasitomala, thumba la simenti likang'ambika potsitsa pa lole amandidula malipiro olo silinang'ambike m'manja mwanga, ovataimu sitiidziwa. Sabata yatha anandiponyera buku la marisiti kumaso pali mayi wina wa ku tchalitchi kwathu, ine m'manja ndili ndi hamala, ndinangoona mdima, chimene chinandigwira dzanja sindichidziwa. Ntchito sindingasiye, lendi ifuna ndalama. Ndikafika kunyumba cha m'ma 18 koloko ndipeza ana adya kale agona, ndidya nsima ndekha mtima uli kuwawa. Ndichite bwanji kuti ndisadzamupweteke munthuyu? Wokwiya, Navutika."

Mdzukulu wanga, za abwana akowo sinditaya nazo nthawi. Munthu woponyera mnzake buku kumaso ndi wopanda mwambo, basi, ndipo usandiuze zoti mwina bizinesi yawavuta, tonse zinthu zativuta koma sitigenda anthu. Hamala unachita bwino kuitula pansi, ukanamenya lero bwezi uli m'selo, ntchito yatha, ana ali kwa amalume awo.

Ine chandigwira ndi chiganizo chimodzi chimene walemba ngati ukungodutsa. Ati ndipeza ana agona. 18 koloko? Ku Navutika? Iwe, nthawi imeneyo dzuwa langolowa kumene, mbaula zili panja, ana a komboni yonse ali pa msewu kuthamangitsana ndi mpira wa mapepala, amayi awo akuwaitana mpaka mawu kusasa kuti bwerani musambe. Mwana wa zaka 7 sagona nthawi imeneyo pokhapokha akudwala malungo. Ana ako sagona, amagonekedwa. Pali munthu m'nyumba mwako amene amayang'ana dzuwa, nkuphika msanga, nkuwadyetsa mothamanga, nkuwalowetsa m'chipinda nkuwauza kuti khalani chete atate anu afika manje manje. Ndipo anawo ali maso pansi pa bulangeti kumvetsera mmene ukutsegulira chitseko.

Ndikudziwa chifukwa inenso ndinachitapo. Malemu amuna anga ankagwira ntchito pa kampani ina kuno, kapitawo wawo anali chilombo. Ine ndinkadziwa tsiku lawo pomva njinga. Akaitsamiritsa bwinobwino pa khoma ndiye kuti kwacha bwino, koma akaiponya nkumveka belu kulira lokha ngiii, ndinkangomuyang'ana mwana wanga wamkulu, iye nkutenga mng'ono wake padzanja nkuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Sanatimenyepo ayi, ndinene zoona. Koma mchere ukachepa m'ndiwo mbale inkakankhidwa, mwana akagwetsa kapu mawu ankatuluka oti nyumba yonse zii. Mwana uja anakula, ali ndi banja lake, mpaka atate ake kumwalira sanakhalepo nawo pansi kucheza momasuka, ankangoti inde atate, ayi atate, maso pansi. Pa maliro analira kwambiri kuposa tonse ndipo ine ndinadziwa chimene ankalirira.

Ndiye usandiuze kuti koma Ambuya ine sindimenya. Sindinanene kuti umamenya. Ngati umatero, dziwa kuti kuyambira 2022 lamulo la ana, Children's Code Act, linaletsa kulanga mwana pomumenya, ndipo akazi ako ali ndi ufulu wopita ku Victim Support Unit ku polisi. Koma olo dzanja lako lisanakhudze munthu, nkhope yokha imakwanira. Mu kalata yonse wadzilemba ngati wozunzidwa, ndipo ndi zoona ukuzunzidwa, koma wadandaula kuti udya wekha ngati kuti iwo ndiwo akulakwira, sunadzifunse nkomwe kuti anathawa chiyani pa mphasa.

Manje ndimve bwino apa chifukwa ichi ndi chimene ndimakangana nacho ndi amuna a kuno kwathu tsiku lililonse. Ndikubetcha kuti akazi ako nkhani ya buku la marisiti saidziwa. Wandilembera ine nkhalamba imene sunaione, koma munthu amene mumafunda naye bulangeti limodzi sunamuuze. Tinakulerani molakwika ife, tinkati mwamuna salira, mwamuna ndi kulimba mtima, zakuntchito zisiye kuntchito. Zimasiyika? Sizisiyika, zimakwera nawe njinga mpaka pakhomo, kungoti zimafika zopanda dzina, ndiye mkazi amangoona munthu wakwinya nkhope nkuyamba kudzifufuza yekha, kodi ndalakwa chiyani, kodi ndiwo, kodi apeza wina mu tauni, kodi achibale awo anenanso chiyani za ine. Amasenza mlandu umene si wake, ndipo poti sadziwa kumene mphepo ichokera amangotseka mazenera onse, ndiko kugoneka ana kuja.

Pa chilangizo timawauza atsikana zambiri, mwamuna akabwera wotopa mulandire, mutenthetsere madzi, usamufunse mafunso. Ine mawu omalizawa ndinasiya kuwanena ndikaitanidwa kukalangiza, ndipo anzanga alangizi ena amandida nazo. Nanga mnyamatayo ndani amamukhazika pansi nkumuuza kuti ukanyozedwa kunja bwera udzanene kwa mkazi wako? Palibe. Amangouzidwa kuti ugule ufa, ulipire lendi. Ndiye timakhala ndi amuna amene masana onse ali inde bwana, pepani bwana, chipewa m'manja, madzulo afika pakhomo afuna wina naye awachitire inde bwana. Manyazi amene wawameza m'sitolo umakawasanzira anthu amene sangakuchotse ntchito.

Ndipo chimene chinakuwawa kwambiri tsiku lija si buku ayi, ndi mayi wa ku tchalitchi uja. Unaopa kuti Sande akakuona wavala jekete nkukumbukira. Mwina nkhaniyo inafika kale kwa akazi ako kudzera ku chigwirizano cha amayi, iwo angokhala chete kudikira kuti uwauze wekha. Taganiza kuwawa kwake, kumva za mwamuna wako kwa anthu. Mkazi amene unamulowola, anakuberekera ana awiri, amakuchapira ovolosi yodzaza fumbi la simenti, ameneyo sangakuseke poti wanyozedwa. Amuna anga anadzandiuza za kapitawo uja atapuma kale ntchito, tili pa khonde tikutongola chimanga, ndinalira, osati chifukwa cha kapitawo koma zaka zonse zija ndinkaganiza kuti vuto ndine.

Za kuntchito nazi mwachidule. Dziko lino lili ndi lamulo la ntchito, Employment Code Act ya 2019. Sabata ya ntchito ndi maola 48, opitirira pamenepo ndi ovataimu ndipo ilipiridwa kuposa ola wamba. Bwana saloledwa kungodula malipiro mmene wafunira, ndipo sangakuchotse pa mlandu asanakupatse mpata woyankhapo. Gula kabuku kakang'ono, uzilemba deti, nthawi yolowa ndi yoweruka, ndalama imene wadulidwa ndi chifukwa chake. Pita ku NAPSA, bungwe la penshoni, ukaone ngati 5 peresenti imene amakudula ikufikadi limodzi ndi 5 ya abwana. Ukatero pita ku ofesi ya Labour kuno ku Chipata ndi kabuku kako, kufunsa si kusumira. Abwana akayamba kukalipa, chilichonse chili m'manja tula pansi kaye, tuluka kuseri ngati ukukatenga katundu, osayankha pamene magazi akuwira. Ndipo yamba kufunsafunsa mwakachetechete, masitolo a hadiweya mu tauni muno si imodzi, munthu wa zaka 6 pa ntchito wodziwa misomali, malata ndi utoto sasowa pogwira.

Koma usanapite ku Labour, Sande ino mukabwera ku tchalitchi utume ana kwa aneba, ukhale pansi ndi amayi awo, pa mphasa osati pa mpando. Uwafotokozere zonse, buku, hamala, mayi uja. Ukatha uwafunse kuti kodi ana mumawagonekeranji msanga, ndiye utseke pakamwa. Adzayamba ndi kukana, adzati amangotopa ndi sukulu, usakwiye, dikira. Zimene adzanene pambuyo pake zidzawawa kuposa zonse zimene abwana ako anakunenapo, ndipo sudzayankha, sudzadziteteza, sudzati koma inenso. Lolemba pobwera ima pa msika wa Kapata ugule olo nthochi ziwiri, njinga uitsamiritse bwino pa khoma, uwauze amayi awo kuti lero ana adikire tidye limodzi. Tsiku loyamba wamkuluyo adzadya maso ali pa iwe, dzanja likunjenjemera potema nsima, usamufunse chifukwa chake. Undilemberenso pakatha mwezi, undiuze kuti anawo akugona nthawi yanji.

Ambuya