Za Nina Simone, poyankha mphwanga

Eee mphwanga, ndaliona funso lako pagulupa, loti mayi wa mawu okhuthala ngati a bambo uja ndi ndani, komanso ngati piyanoyo amaimba yekha. Ameneyo ndi Nina Simone. Ndipo inde, zala zimene ukuzimvazo ndi zake zomwe. Ndingoyankha ndi pakamwa, nkhaniyi njaitali.

Dzina lake lenileni anali Eunice Waymon. Anabadwa mu 1933 ku Tryon, katauni kakang'ono ka ku North Carolina, ku America. Mayi ake anali mlaliki wa mpingo wa Methodist, kwinaku akugwira ntchito zapakhomo kwa azungu. Mwanayu anayamba kugwira piyano ali ndi zaka zitatu, posakhalitsa ndiye ankaimbira mpingo. Anthu a m'tauniyo anachita kusonkha ndalama kuti aphunzire, ndipo mphunzitsi wake, mayi wochokera ku England, anamuzamitsa mu nyimbo za Bach, katswiri wakale wopeka nyimbo wa ku Germany. Apa utchere khutu, poti iwe ukuphunzira kibodi kutchalitchi. Mtsikanayu zoimba ndi pakamwa sankazilota n'komwe. Mtima wake wonse unali pa piyano ya classical, yoimba m'maholo akuluakulu, kumene munthu wakuda sankaonekako kawirikawiri.

Akadali kamtsikana anakaimba pamaso pa anthu a m'tauni. Makolo ake anali atakhala kutsogolo, koma anawadzutsa kuti akakhale kumbuyo, pakhale azungu. Mwana uja anakana kugwira piyano mpaka makolo ake atabwerera pamipando yawo. Ndikaiganiza nkhani imeneyi, mtima umandiwawa mpaka lero.

Mu 1950 anaphunzirako kusukulu ya zoimba ya Juilliard ku New York, pokonzekera mayeso olowera ku Curtis Institute, sukulu inanso ya zoimba ku Philadelphia. Banja lake linali litasamukira kale komweko, poyembekezera kuti mwana wawo alowa. Anamukana. Iye anakhulupirira mpaka imfa yake kuti chinalakwa ndi khungu.

Ndiye poti mimba sidikira, mu 1954 anapeza ntchito yoimba piyano m'bala ina ku Atlantic City. Mwini bala anamuuza kuti ngati ntchito akuifuna, aziimbanso ndi pakamwa. Mawu amene wakopeka nawowo anatulukira pamenepo, mokakamizidwa. Dzina la Nina Simone analitenga kuti mayi ake asadziwe kuti mwana wa mlaliki akuimbira anthu akumwa.

Chimbale chake choyamba chinamutchukitsa mu 1959, koma umwini wake anaugulitsa madola 3,000 basi. Mu 1987 nyimbo ina ya m'chimbale chomwecho inagwiritsidwa ntchito potsatsa perefyumu wa Chanel, n'kutchukanso ku Ulaya konse. Iwe amene ukufuna kudzajambula nyimbo, uziwerenga pepala usanasaine.

Chimene chinamusintha ndi chaka cha 1963. Mu June anapha Medgar Evers, womenyera ufulu wa anthu akuda ku Mississippi. Mu September anaphulitsa bomba patchalitchi ku Birmingham, Alabama, n'kufa atsikana anayi. Nina ndi ukali analemba Mississippi Goddam, nyimbo yothamanga ngati yachisangalalo koma mawu ake ali moto. Mawailesi ena a kumwera kwa dzikolo anaikana. Kwa ine, kuyambira pamenepo ndi pamene ulembi wake unakhwima.

Koma moyo wake sunali wofewa. Mwamuna wake, amene anali wapolisi kenako n'kukhala manijala wake, ankamumenya. Iyenso anadwala matenda a maganizo kwa nthawi yaitali, ndipo anthu amene anali naye pafupi, ngakhale mwana wake, anavutika nawo. Anachoka ku America, ndipo mu 1974 mnzake Miriam Makeba, woimba wa ku South Africa, anamutengera ku Liberia. Kenako anakhala ku Switzerland, ku Netherlands, n'kumalizira ku France, kumene anamwalira pa 21 April 2003 ali ndi zaka 70. Kutatsala masiku awiri kuti amwalire, Curtis yomwe ija inamupatsa digiri yaulemu.

Ndiye chita izi. Funafuna Love Me or Leave Me pa YouTube, uvale mahedifoni. Pakati pa nyimboyo amasiya kuimba, piyano n'kutsala ikuyenda. Umvetsere dzanja lamanzere ndi lamanja, lililonse likuyenda njira yake koma osaombana. Ameneyo ndi Bach uja anaphunzira ali mwana. Ukabwera Loweruka udzandiuze zimene wamva. Uwapatse moni amayi ako.