Mtengo wa tiyi ukuthawa mu Excel? Umangeni ndi $

Mayi wina, mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi ku Thyolo, wanditumizira imelo. Akuti: "Makilo a masamba amene mlimi aliyense wagulitsa ndimalemba mu kolamu B, mtengo wa kilo imodzi uli mu E1. Mu C2 ndinalemba =B2*E1, ndalama zinatuluka bwinobwino. Nditakokera fomulayo pansi, alimi ena onse akuoneka kuti alandira 0. Kodi kompyuta yaonongeka?"

Mayi, kompyuta yanu ili bwino. Excel imamva E1 ngati mmene timalozerana njira kumudzi: "pitani nyumba yachiwiri kuchokera pano." Munthu akasuntha, nyumba yachiwiriyo imakhalanso ina. Fomula itatsikira mu C3 inasanduka =B3*E2, mu C4 inakhala =B4*E3. Kusuntha kwa B ndi kumene mukufuna, poti mlimi aliyense ali ndi makilo ake. Koma E2 ndi E3 mulibe kanthu, ndipo selo (kabokosi ngati E2) yopanda kanthu Excel imaiwerenga ngati 0. Ziro wanu akuchokera pamenepo.

Bwererani mu C2 mulembe =B2*$E$1, kenako mukokere pansi. Chizindikiro cha $ pano sichikunena za madola ayi, ndi chingwe chomangira selo kuti isayende. Cha kutsogolo kwa E chikumanga kolamu, cha kutsogolo kwa 1 chikumanga mzere. Popeza inu mukungotsikira pansi, E$1 yokha ikanakwanira, koma ine ndimamanga zonse ziwiri kuti ndisamaganizenso. Pa kompyuta dinani E1 m'fomulamo n'kusindikiza batani la F4, zizindikirozo zibwera zokha (malaputopu ena amafuna Fn ndi F4 limodzi). Pa foni mungozilemba pamanja. Mu Google Sheets ndi chimodzimodzi.

B2 musaimange. Mukatero, kalabu yonse ilandira ndalama za mlimi woyamba, ndipo tsiku la malipiro mudzasowa kolowera.

Ena amangolemba mtengowo m'fomula momwemo, amati n'kosavuta. N'kosavutadi mpaka tsiku limene fakitale yasintha mtengo, muli pakati pa dzinja masamba achuluka, muyambe kufufuza mzere ndi mzere. Mtengo ukakhala mu E1 mumasintha pamodzi pokha, ndalama za aliyense n'kusinthiratu.

Mukamaliza, dinani selo ya mlimi wotsiriza muyang'ane fomula yake pamwambapo. Ngati ali pa mzere 40, muone =B40*$E$1.