Yankho kwa msuweni pa za chiwaya ndi m'mimba

Eee msuweni, ndamva uthenga wako uja... dikira kaye ndichoke pamsewu, a kabaza akundisokosera. Eya. Wafunsa kuti kodi n'zoona kuti tchipisi ndi Fanta zimapha tizilombo tabwino ta m'mimba. Koma ine ndimakudziwa iwe, za tizilombo unayamba liti kuzifuna? Ukufunsira alamu anga. Unawaona pa ukwati uja ku Chinamwali akumasula lamba mpunga usanafike n'komwe, ndiye mtima wako wapita kwa amalume. Usakane, ndikudziwa ukuseka.

Amalumetu paja, iwe unali wamng'ono, sunawaone nthawi ya matemba. Ankanyamuka ku Kachulu mbandakucha, dengu kumbuyo kwa njinga, mpaka mumsika wa Zomba. Chakudya chawo mgaiwa, nandolo, chisoso, mbatata ya m'phulusa. Thupi gwa! Ndiye atatsegula golosale ija... ayi ndanama, inayamba ndi minibasi, golosale inabwera pambuyo pa nkhani ya munda ija. Basi munthu anasintha. Ankati mgaiwa ndi wa akaidi, m'nyumba mwawo musalowe. M'mawa tiyi wa masupuni anayi ndi mandasi, masana pachiwaya, madzulo kanyenya, botolo lozizira pambali. Agogo ankawatumizira nandolo wosola okha ndi manja awo, iwo n'kumapatsa aneba. Agogo atazimva analira, ine ndinalipo, ndinali nditakhala pakhonde paja pa mtondo. Kenako anayamba kudzimbidwa, masiku atatu osapita kuseri, mimba ndii ngati ng'oma. Mlandu n'kugwera anthu a kumunda kuja kuti awaponyera mankhwala. Pamene kuchipatala amadzawauza za shuga, mabanja awiri anali atasiya kale kupatsana moni. Zimandiwawabe mpaka lero.

Sindikunena kuti shuga wawo anabwera ndi tizilombo tokha ayi, m'banja mwathu muno ukudziwa alipo kale. Koma tamvera. M'matumbo mwa munthu, makamaka thumbo lalikulu, mumakhala mabakiteriya ochuluka zedi, mabiliyoni osawerengeka, ndipo ambiri ndi otithandiza. Chakudya chawo ndi chimene ife sitigaya: gaga wa mu mgaiwa, makoko a nyemba, timitsitsi ta nkhwani ndi chigwada, chimene madokotala amati fiber. Akachidya amatulutsa timafuta tina, tina amatitcha butyrate, timene timadyetsa khoma la thumbolo. Tsono shuga ndi ufa woyera zimayamwidwa kumtunda, kumusi kuja kumangofika zochepa chabe. Mitundu yodalira gaga imachepa, yokonda mafuta ndi ndulu imachuluka. Pa mbewa za kafukufuku anaona kuti fiber ikasowa, mabakiteriya ena amayamba kudya ntchofu yoteteza khoma lija.

Ndipo china, ichi chikusangalatsa. Mu 2012 magazini ya sayansi ya Nature inatulutsa kafukufuku woyerekeza anthu a m'midzi ya ku Malawi, a ku Venezuela ndi a m'mizinda ya ku America. Akuluakulu a ku America ndiwo anapezeka ndi mitundu yochepa ya mabakiteriya kuposa onse. Anthu athu a nsima ndi masamba anawaposa! Chimene amalume ankachita nacho manyazi.

Ndiye yankho lako, hmm, ndazungulira eti... tchipisi si poizoni. Sizipha tizilombo ngati mankhwala a mbewu, zimangotisiya ndi njala zikalanda malo a ndiwo zathu. Chabwino chake, timasintha msanga. Kafukufuku wina wa mu 2014 anaonetsa kuti anthu atasintha zakudya, mabakiteriya awo anasintha m'masiku ochepa chabe.

Za shuga, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati wamkulu asapitirire masupuni ang'ono pafupifupi 12 patsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi lili kale ndi pafupifupi 8. Werengera wekha tiyi wa alamu, ndinakuona ukuwathirira ndi dzanja lachikondi lija.

Usawalande chiwaya mwaukali, ungoyambitsa nkhondo. Vuto ndi njala ya tizilomboto, wamva? Sakaniza mgaiwa mu ufa woyera pang'onopang'ono, nyemba kapena khobwe kangapo pa sabata, masamba tsiku lililonse, m'mawa mbatata m'malo mwa mandasi. Masiku oyamba mpweya uchuluka, usadabwe, umadzachepa. Koma ngati akumva ludzu kwambiri, akudzuka usiku kukataya madzi kangapo, kapena aona magazi popita kuseri, imeneyo si ya mgaiwa, apite akayezedwe sabata ino.

Ndibwerezenso, chifukwa iwe umamva theka: dyetsa tizilomboto, usatisiye ndi njala. Loweruka ndikupita ku Mayaka, ndikutengera nandolo. Konza thumba, lija unabwereka Khirisimasi silinabwerebe.